Milamba ndi ma bass zasiya kudya chiyambireni kutentha, ndikulakwitsa pati?

Mnyamata wa pa Santhe

Moni nonse akuluakulu. Ndine wa kuno ku Santhe ku Kasungu ndipo ndikufuna nzeru kwa amene mwakhala mukuwedza nthawi yaitali. Pafupi ndi kwathu pali damu la pa esiteti yakale ya fodya, eni ake amatilola kuwedza bola ndi mbedza osati ukonde. Muli milamba, makumba, matemba komanso nsomba ija yakukamwa kwakukulu yomwe amati bass, akuluakulu a kuno amati anaiika ndi omwe ankayendetsa esitetiyo kalekale. Mu Ogasiti ndi Sepitembala zinthu zimayenda bwinobwino, ndimatha kupita cha m'ma 9 koloko mmawa ndikamamaliza za pakhomo nkubwerako masana ndi milamba iwiri itatu, nthawi zina ndi bass imodzi. Koma chilowereni Okutobala uno ndapitako kasanu, kasanu konseko ndabwera chimanjamanja kupatula timatemba tomwe timangomaliza nyongolotsi pa mbedza.

Madzi atsika kwambiri moti malo omwe ndimakhala aja pano ndi matope okhaokha ong'ambika, ndipo madziwo asanduka obiriwira komanso ukapisamo dzanja ndi ofunda ngati osamba mwana. Alamu anga ali ku Johannesburg ananditumizira ndodo ya reel ndi nyambo zapulasitiki, zina zonga nyongolotsi zina zonga chule, koma kunena zoona sindinagwirepo nazo kanthu olo kamodzi. Nde funso langa ndi lakuti nsombazi zatha mudamumu kapena pali chomwe ndikulakwitsa? Milamba ndimaiona ikutumphuka pakati pa damu masana koma nyambo siikudya. Thandizeni chonde, chifukwa pakhomo ndiwo zavuta ndipo ine kuwedza ndimakukonda ndi mtima wonse.

Madala a ku Rusa

Mwana wanga nsomba sizinathe ayi. Ngati ukuiona milamba ikutumphuka nde kuti ilimo, chomwe chasintha ndi nthawi yake yodyera, iwe ukupitabe nthawi ya mu Ogasiti pomwe mlamba unasintha kalekale. Ine ndakulira m'mbali mwa Rusa kuno ku Mchinji, ndawedzanso mu Bua, ndipo mwezi uno palibe munthu wodziwa mlamba amene amakhala padzuwa 10 koloko kudikira kuti udye. Kutumphuka ukukuonako sikudya, ukubwera kudzameza mpweya basi nkubwereranso pansi.

Pita dzuwa likamapendeka, cha m'ma 4 koloko ukhale wafika kuti uone malo kukadali kowala, koma kudya kwenikweni kumayamba kukachita chisisira mpaka cha m'ma 9 olo 10 usiku, kenako mbandakucha. Mlamba maso ake ndi ang'ono, umasaka ndi ndevu zija komanso fungo, ndipo usiku umachoka kozama nkubwera kumtunda kosaya kudzafuna achule, nkhono ndi tinsomba. Nde usavutike kuponya kutali pakati pa damu, ambiri amalakwitsa pamenepo. Ine milamba ikuluikulu yomwe ndagwirapo yambiri ndaigwira poti madzi ake sangapitirire mchiuno, mmbali mwa bango kapena pomwe khwawa limalowera mudamu.

Za nyambo, nyongolotsi mwezi uno ndi zovuta kupeza pokhapokha ukakumbe kudimba kapena potayira madzi otsukira mbale, komanso monga wanenera matemba amazimaliza mlamba usanafike. Pita pomwe amaphera nkhuku pamsika ukapemphe matumbo ndi chiwindi. Matumbowo uwasiye mkachitini kotseka kuyambira mmawa mpaka madzulo kuti ayambe kafungo, osati mpaka kuwola nkusungunuka chifukwa sakhalanso pa mbedza. Chiwindi ndi chabwino kuposa zonse koma chimagwa ukamaponya, ine ndimachikulunga ndi ulusi wosokera kanayi kasanu nde chimakhala. Katemba kamene kakukuvutitsako kagwire, kadule pakati, kabaye pa mbedza, nayonso ndi nyambo yamphamvu. Mbedza ikhale yokulirapo ndithu, kukamwa kwa mlamba ndi kotakata, ndipo mbedza yaikulu imathandiza kuti matemba asakusokoneze.

Cholemetsa ine ndimagwiritsa ntchito nati ya njinga kapena pulagi yakutha ya njinga yamoto. Uyilowetse mu twaini mwakuti izitha kuyenda, kenako umange kamtengo kapena kamkanda pamwamba pa mbedza, mpata wake ngati kuchokera pachigongono kufika pa zala. Mlamba ukatenga nyambo usamve kulemera, ukamva umalavula. Ndipo usafulumire kukoka, poyamba umangogogoda pang'onopang'ono, udikire twaini ayambe kuyenda ndithu nde ukoke kamodzi mwamphamvu.

Chinanso, khala phee. Osamenyetsa mapazi pansi, osawalitsa tochi pamadzi. Ine ndimazika ndodo ziwiri zansungwi mmatope nkumangirira kachitini kokhala ndi timiyala kunsonga, ikagunda ndimamva mumdima momwemo. Ukautulutsa samala minga ili mmbali mwa mutu, ija ikakubaya dzanja limatupa ndipo limapweteka usiku onse. Ugwire kuseri kwa mingayo kapena uponde kaye ndi thumba lonyowa.

Za bass zo ayankhe anyamata odziwa, ife kuno sitinakule nazo.

Mayi wa maiwe ku Kamwendo

Achimwene a ku Santhe, zomwe anena madalawa ndi zoona, ine ndingowonjezera chifukwa chake poti ndimaweta makumba ndi chilunguni mmaiwe ndipo mwezi ngati uno ndi umene sitigona tulo. Nkhani yagona pa mpweya wa mmadzi. Madzi akamafunda amasunga mpweya wochepa, pa madigiri 20 amatha kusunga pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita koma akafika madigiri 30 amatsika kufika cha pa 7 ndi theka, ndipo apo ndi madzi oyera opanda zowola. Tsono damu lanulo latsika, nsomba zonse zapanikizana malo ochepa, pansi pali masamba ndi ndowe za ng'ombe zomwe zikuwola nkumadyanso mpweya womwewo.

Kubiriwira mukunenako ndi ndere zing'onozing'ono. Masana dzuwa likamawala zimatulutsa mpweya, koma usiku zimaumwa, nde mpweya umakhala wambiri chakumadzulo ndipo umatsikitsitsa mbandakucha dzuwa lisanatuluke. Kwathu kuno ndikapita ku dziwe 5 koloko mmawa nkupeza makumba ali yasaa kukamwa pamwamba pa madzi ndimadziwa kuti zavuta, tsiku limenelo sindiwapatsa gaga ndipo ndimalowetsa madzi atsopano. Mlamba izi siziukhudza kwenikweni chifukwa uli ndi chiwalo china mmutu chonga tinthambi chomwe umapumira mpweya wa kunja, nchifukwa chake umakhala moyo mmatope olo muthumba lonyowa maola ambiri. Bass ilibe chimenecho, imadalira mpweya wa mmadzi okha. Nde nsomba ziwirizi musamazisake mofanana. Mudamu lobiriwira chonchi ine ndikadakhala inu bass ndikadaiyesa madzulo kusiyana ndi mmamawa.

Musaganizenso kuti poti kwatentha nde nsomba zonse zili pozama penipeni. Damu likakhala lakuya ndipo kulibe mphepo, madzi ofunda amakhala pamwamba ozizira pansi osasakanikirana, mwina munamvapo posambira kuti kumapazi kukuzizira pomwe pachifuwa pakufunda. Apansiwo amazizira inde koma nthawi zambiri mpweya mulibe. Ukaponya nyambo mmenemo nkuitulutsa ili yakuda ikununkha ngati dzira lowola dziwani kuti palibe nsomba ingakhale pamenepo, sunthani.

Chomaliza chomwe chimandikhudza kwambiri ineyo. Mukukumbuka 2020 matenda a zilonda a nsomba aja amati EUS anaonekera koyamba mdziko muno konkuno ku Mchinji mbali ya Bua, milamba ndi matemba zimapezeka ndi zilonda zofiira mpaka boma linaletsa kaye usodzi mmadera okhudzidwa. Matendawa amakonda nyengo yozizira koma chonde mukagwira nsomba ya zilonda musaiponye mudamu lina kapena kuigulitsa, ikwirireni ndipo muwauze alangizi a za nsomba. Ndipo bass yamoyo musaitenge kukaika mu dziwe la munthu kapena mumtsinje. Nsomba imeneyi kwawo ndi ku North America, imadya ana a makumba ndi matemba mosaneneka, mnzanga wina anaikamo ziwiri mu dziwe lake poganiza kuti akuonjezera ndiwo ndipo pokolola tiana ta makumba munalibe.

BassWaKU

Aise wa ku Santhe, nyambo zomwe anakutumizira alamu akozo ndi zenizeni, vuto ndi kagwiritsidwe ntchito basi. Ine ndili pa boma pa Kasungu pompano ndipo ndimayenda mmadamu a mmaesiteti kumapeto a sabata. Mu Ogasiti ndi Sepitembala umazigwira mosavuta chifukwa chisanu chikangotha madzi nkuyamba kufunda ma bass amabwera kosaya kudzaswana, yamphongo imakonza malo pansi nkumalondera mazira nde chilichonse chodutsa pafupi imaluma. Pano zimenezo zatha, zabwerera mmalo obisala.

Bass simakonda kuwala, dzuwa likakwera imafuna mthunzi ndipo imabisala nkumadikira chakudya chidutse. Nde usamaponye pamtetete pakati pa damu. Yang'ana zitsa za mitengo zomwe zili mmadzi, mtengo ogwera mmadzi, pansi pa masamba oyandama aja, mphepete mwa bango pomwe madzi akuyamba kuzama, miyala ya pa khoma la damu, komanso pansi pa mkuyu kapena katope ngati nthambi zake zafika pamadzi. Ndipo poti madzi atsika uwu ndi mwayi wako, yenda kuzungulira damu lonse ndi foni ujambule zitsa, zulu ndi njira ya khwawa lakale zomwe zaonekera, madzi akadzadzadza mu Febuluwale udzadziwa pomwe zili pomwe anzako akungoponya mwachisawawa.

Nyongolotsi yapulasitiki ija ibaye chonchi: lowetsa mbedza kumutu pang'ono, itulutse, itembenuze kenako nsonga yake uibise mthupi mwa nyongolotsiyo kuti ikhale yowongoka. Ukatero siikodwa mu udzu olo mzitsa. Mbedza ya saizi yolembedwa 3/0 imakwana. Ukaponya isiye imire mpaka pansi twaini akhwefuke, werenga mpaka 10, kwezako ndodo pang'ono, isiyenso. Anthu ambiri amapukusa reel mothamanga ngati akuthawa mvula, nyengo yotentha bass siithamangitsa chinthu masana. Nthawi zambiri imatenga nyamboyo ikamamira, umangomva kuti tu kamodzi kapena kuona twaini akuyenda chammbali yekha, pamenepo tsitsa ndodo, kunga twaini nde ukoke mwamphamvu. Mmadzi obiriwira sankha yakuda kapena yoderapo, imaoneka bwino kuposa yowala.

Chule uja ndi wa madzulo dzuwa likamalowa ndi mmamawa kusanawale. Muponye pamwamba pa masamba, muyendetse pang'ono, ima, pang'ono, ima. Madzi akaphulika mtima umadumpha ndipo dzanja limafuna kukoka pompo, usatero, dikira umve kulemera kaye apo ayi umangomulanda mkamwa.

Pa za mmamawa ndisiyane nawo pang'ono mayi a ku Kamwendo. Za mpweya akunena zoona ndipo pa dziwe laling'ono sindingatsutse, koma damu lalikulu lomwe limawombedwa mphepo ine ndagwira bass zabwino kwambiri pakati pa 5 ndi 7 koloko mmawa mwezi ngati uno, chifukwa ndi nthawi imene madzi apamwamba aziziraponso ndipo matemba ali mmbali. Yesa zonse ziwiri uone damu lakolo likufuna chani. Ndipo kukakhala kamphepo pita mbali yomwe mafunde akukamenya, olo kuponya kumavutirapo, kumeneko madzi amasakanikirana ndi mpweya ndipo tinsomba timasonkhana konko.

Ngati pulasitiki yakukanika osataya mtima, katemba kamoyo kobaya pamsana nkuika kachidutswa ka patapata ngati choyandamitsa, mpata wa mita imodzi, pafupi ndi chitsa. Palibe bass imakana zimenezo.

Mayi wa maiwe ku Kamwendo

Eya achimwene, pa damu lalikulu la mphepo ndikuvomera. Ine ndimatengera kubiriwira komwe anenako. Angoyang'ana mmamawa, akaona makumba akuyasama pamwamba adziwe kuti tsiku limenelo bass siidya mpaka dzuwa likwere ndithu.

Nyakwawa wa pa Bua

Zonse mwanenazi ndi zabwino koma palibe wanenapo za chitetezo ndipo mukumutuma mwanayu usiku. Usapite wekha, tenga mnzako ndipo kunyumba adziwe komwe uli. Funsa kaye eni damu ndi alonda kuti akudziwe, usiku munthu wa tochi pa esiteti amatha kumuyesa wakuba. Ufunsenso ngati munaonekapo ng'ona, madamu ena amalumikizana ndi mitsinje nthawi ya dzinja ndipo kuno ku Bua ng'ona si nkhani yongomva. Osakhala malo amodzimodzi mmphepete penipeni tsiku ndi tsiku, osatumbulira nsomba pamadzi pomwe wakhala. Njoka nazo nyengo ino zimatsikira kumadzi, vala ma gambutsi. Ma gambutsiwo akutetezanso ku likodzo chifukwa madzi odikha okhala ndi nkhono ndi momwe limafalira, ukaona magazi pokodza pita kuchipatala mankhwala ake alipo. Udzudzu usiku ndiwo wosanena, vala zamanja aatali.

Ndiponso mvula yoyamba ili pafupi. Kukayamba kugunda ndodo ya reel yo igoneke pansi uchokepo, zambiri zimakhala za carbon yomwe imadutsitsa magetsi ndipo mphenzi siichedwa pa munthu oima pamtetete ndi chinthu chachitali mmanja.

Madala a ku Rusa

Anyakwawa mwakumbutsa za mvula, zikomo. Mwana wanga mvula ikagwa yamphamvu madzi ofiira nkuyamba kulowa mudamu, pita pomwe akulowerapo ndi nyongolotsi kapena ngumbi, masiku amenewo mlamba umadya olo masana. Koma ukadzaona ikukwera mu udzu wosefukira usiku mpaka misana kuonekera, imeneyo ikukaswa. Anthu amaikhapa ndi zikwanje kudzaza matumba, ine zimandiwawa chifukwa ndaona madambo omwe kale munali milamba pano muli zii. Tengako iwiri yakudya, yamimba zotupa ndi mazira uisiye idutse. Ndipo amene angabwere ndi katupe kapena neti ya udzudzu pa damupo ukawauze eni ake, madzi atachepa chonchi tsiku limodzi lokha amaliza zonse.

Mnyamata wa pa Santhe

Akuluakulu ndabwera kudzathokoza komanso kukuuzani mmene zayendera. Loweruka ndinapita ndi msuweni wanga, tinafika cha m'ma 4 madzulo titawauza kaye alonda, ndipo akuti ng'ona sanaionepo chiyambire ntchito pamenepo. Ndinayamba ndazungulira damu monga ananenera a BassWaKU ndipo ndinadabwa, kumtunda komwe khwawa limalowera kuli zitsa zoposa khumi zomwe sindinkadziwa kuti zilipo, ndajambula zonse. Ndinaponya nyongolotsi yakuda pafupi ndi chitsa china chomwe theka lili mmadzi, kachitatu twaini anangoyamba kuyenda chakumanzere yekha, ndinakoka koma ndinachedwa kukunga nde inapulumuka nditaiona ndi maso ikudumpha. Patapita mwina mphindi 20 pa chitsa china ndinagwira imodzi, yotalika kuchokera pa zala kufika pachigongono. Ndi yoyamba kugwira ndi pulasitiki. Chule sanandipatse kanthu, kamodzi kokha madzi anaphulika koma ndinakoka msanga.

Kutada tinasamukira mmbali mwa bango nkutchera ndodo zitatu, ziwiri za chiwindi chokulunga ndi ulusi imodzi ya katemba koduladula. Mpaka 7 koloko kunali zii, msuweni wanga anayamba kunena zobwerera, kenako kachitini kanalira. Pofika 9 koloko tinali ndi milamba inayi, itatu pa chiwindi umodzi pa katemba, ndipo waukulu kwambiri unadya pamalo poti madzi ake ndi ofika mmaondo chabe, ndendende mmene ananenera madala. Tinaisunga muthumba lonyowa inafika kunyumba ikadali yamoyo, iwiri tadya iwiri amayi awamba.

Lamulungu mmamawa ndinabwererako 5 koloko kukayesa bass, ndinapeza makumba ali yasaa pamwamba mbali ya kumtunda ija ndipo sindinagwire kanthu mpaka 8 koloko, nde pa damu lathuli zikuoneka kuti mayi a ku Kamwendo analondola. Sabata ino ndiyesa mbali ya ku khoma komwe kumawomba mphepo. Funso lina kwa a BassWaKU, nyongolotsi zakuda zanditsalira zitatu zokha ndipo imodzi yang'ambika kumutu, pali njira yoimatira kapena ndingoidula nkupitiriza kugwiritsa ntchito?

BassWaKU

Idule kumutu kong'ambikako ndi lezala upitirize, yaifupi imagwirabe. Olo tenthetsa nsonga ya mpeni pamoto, uikhudzitse mbali zonse ziwiri zong'ambikazo nkuzigunditsa, zimamatana pompo. Zidutswa zotsala usataye mmadzi, sunga mthumba. Ukapita ku khomako ponya motsatira miyala osati molunjika pakati, ndipo udzatiuze.